Yalani mapaipi mathanki asanalowe m'shedi ya nsomba

Munthu akayamba kuweta nsomba m'thanki imodzi yagalasi sachedwa kufika pa mathanki khumi, ndipo apa ndi pamene nsomba zimasamukira ku shedi. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti mwini wake amathamangira kuika mathanki ndi kudzaza madzi, za mapaipi n'kumaziganiza pambuyo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 100 ikadzaza, simungaisunthe kuti paipi idutse kumbuyo kwake. Choncho mapaipi ayambe ndiwo.

Tiyambe ndi mpweya, chifukwa ndi umene ukasowa nsomba sizidikira. Musagule kapampu ka thanki iliyonse. Timapampu tambiri timachuluka phokoso, timadzaza masoketi, ndipo kamodzi kakafa simudziwa msanga. Pezani pampu imodzi yaikulu, ndipo mpweya wake ulowe m'paipi yapulasitiki ya PVC ya mamilimita 25 yoyenda m'mwamba mwa khoma, pamwamba pa mathanki onse. Paipiyo izungulire shedi yonse mpaka mapeto ake akakumane ndi poyambira. Ikakhala yotsekeka kumapeto, mathanki apafupi ndi pampu amalandira mpweya wambiri, akutali n'kumaperewera. Ikazungulira, mpweya umafika pa thanki iliyonse kuchokera mbali ziwiri.

Pa paipiyo boolani timabowo n'kumangapo timavalavu, kamodzi pa thanki iliyonse, ndipo pakavalavu palumikizidwe kapaipi kofewa ka mamilimita 4 mkati, kotsikira ku sefa ya siponji. Ikani timavalavu tochuluka kuposa mathanki amene muli nawo lero. Mathanki mudzawonjezera ndithu, zimenezi ndikudziwa. Pochoka pa pampu, chigawo choyamba cha theka la mita chikhale paipi ya mphira, chifukwa mpweya umatuluka wotentha ndipo pampu imanjenjemera. PVC yomangidwa pa pampu penipeni imasanduka ng'oma, khoma lonse n'kumalira usiku.

Pampu ikhale pamwamba kuposa madzi a thanki yapamwamba kwambiri. Magetsi akazima, madzi amatha kukwera m'kapaipi n'kudutsa mkombero wa thanki, ndipo akangoyamba kutsika mbali inayo amakokana osaleka. Pampu ikakhala pansi, madziwo amalowa m'pampu, thanki n'kuphwa, pansi ponse chonyowa. Alipo timavalavu tolola mpweya kupita mbali imodzi yokha, ndipo n'tothandiza, koma timatha ndi kukalamba osakuuzani. Shelefu yapamwamba ndiyo yodalirika.

Mpweya umathawira kumene kuli kosavuta. Madzi akamazama, mpweya umafuna mphamvu yambiri kuti utulukire pansi pake, motero mathanki osazama amalanda mpweya wa ozama. Mukaona thanki yaitali itasiya kutulutsa thovu, musathamangire kugula pampu ina. Chepetsani kaye timavalavu ta mathanki osazama. Koma musatseke ponseponse. Siyani valavu imodzi yotayira kunja mpweya wotsala, apo ayi pampu imapanikizika, imatentha, kamphira ka mkati mwake n'kung'ambika. Kamphirako kamatha ngakhale mutasamala bwanji, choncho kena kakhale m'kabati, pamodzi ndi kapampu ka mabatire.

Chilichonse chimene pampu yakoka chimathera m'madzi. Mankhwala opopera tizilombo, utsi ndi fungo la penti zisayandikire pomwe imakokera mpweya, ndipo kasefa kake muzikachotsa fumbi. Nyengo yotentha muziwonjezera mpweya: madzi a madigiri 20 amasunga okosijeni pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, koma a madigiri 30 amasunga pafupifupi 7.5, pamene nsomba zikufunanso wambiri chifukwa cha kutenthako. Ntchito yaikulu ya thovu ndi kuvundula madzi kuti apansi akwere pamwamba, kumene amakumana ndi mpweya.

Kumbali ya madzi, pewani mapaipi a kopa. Kopa ndi poizoni kwa nkhono ndi tinkhanu ta m'madzi ngakhale wochepa, ndipo nsomba nazo amazipweteka. Madzi apampopi ayambe alowa mu mgolo wosungira wokhala ndi kapaipi kakekake ka mpweya. Kolorini amene amathiridwa m'madzi apampopi amauluka yekha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma ngati madzi anu amathiridwa chloramine, mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi, ameneyo sauluka chomwecho, amafuna mankhwala ochotsera kapena sefa ya kaboni. Funsani kwa amene amakupatsani madzi kuti amathira uti. Mu mgolomo madzi amafananso kutentha ndi a m'mathanki.

Paipi yotayira ikhale yaikulu kuposa yobweretsa, mamilimita 40 kapena kuposa, yotsetsereka masentimita 2 pa mita iliyonse kuti zinyalala zisakhazikike. Kapaipi kochokera ku thanki iliyonse kathere pamwamba pa kamwa la paipi yotayirayo, pakati pakhale kampata. Kapaipiko kakamira m'menemo, tsiku limene paipi idzatsekeke madzi a thanki yodwala adzabwerera n'kulowa mwa zinzake. Ngati mukuboola galasi kuti madzi azisefukira pabowo, gwiritsani chiboolero cha dayamondi mukuthirapo madzi, modekha. Galasi lolimbitsidwa ndi moto, la tempered, siliboolekatu, limaphwanyika lonse kukhala timiyala.

Masoketi akhale m'mwamba, chingwe chilichonse chiyambe chalendewera pansi pang'ono chisanakwere ku soketi kuti madontho agwere pansi, ndipo wamagetsi akuikireni RCD ya 30 mA, kachipangizo kozimitsa magetsi msanga akayamba kudutsa posayenera. Siyaninso potulukira chinyezi, apo ayi denga lidzayamba kudontha ngati kukugwa mvula.

Mukamata mapaipi ndi guluu wa PVC, dikirani maola 24, kenako yatsani pampu timavalavu tonse tili potsegula kuti fungo ndi tizidutswa ta poboola zituluke. Pakani madzi asopo m'malumikizo, pamene pachita thovu ndiye pothawira mpweya, ndipo sopoyo asagwere m'thanki. Dzazani mathanki opanda nsomba, zimitsani magetsi dala, ndipo kwa ola lathunthu yendani thanki ndi thanki kuona ngati pali kapaipi kamene madzi akukweramo.