Kudula ndalama ina pa khadi ya kasitomala popanda kusunga CVV

Zimachitika kwambiri izi. Munthu wagula katundu pa shopu yanu ya pa intaneti, walipira bwinobwino, kenako popakira mukuona kuti bokosi lalemera kuposa m'mene munawerengera ndiye ndalama yotumizira yakwera. Kapena walemba meseji usiku kuti mundiwonjezere malaya awiri pa oda yomweyo. Apa mutu umathamangira ku manambala atatu aja a kuseri kwa khadi, omwe amatchedwa CVV, kuti ndikanawasunga bwenzi ndangodula basi.

Ayi ndithu, osayerekeza. Manambala amenewo, a Visa amati CVV2, a Mastercard CVC2, a American Express ndi anayi ndipo ali kutsogolo, saloledwa kusungidwa banki ikangovomereza malipiro. Lamuloli lili mu PCI DSS, mndandanda wa malamulo a chitetezo cha makadi olipirira, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe lomwe Visa, Mastercard, American Express, Discover ndi JCB anakhazikitsa mu 2006. Kaya CVV mwaibisa ndi encryption, kaya mwini khadi wanena yekha kuti sungani palibe vuto, ndi zoletsedwa basi. Ntchito ya CVV ndi kusonyeza kuti khadi ili m'manja mwa munthuyo pa nthawi yolipira, ndiye ikagona mu database yanu limodzi ndi nambala ya khadi ndi deti yothera, wakuba akathyola watenga zonse nthawi imodzi, kwatsala ndi kukagula.

Ndipo ambiri sagwidwa ndi database ayi. Amagwidwa ndi tizinthu: CVV yalembedwa mu order notes, ili mu imelo, kasitomala wajambula khadi mbali zonse watumiza pa WhatsApp, kapepala kamatidwa pa laputopu, mwina pulagini ikulemba chilichonse cha pa fomu mu ma log inu osadziwa. Zonsezo ndi kusunga. Fufutani, ndipo muuzeni asadzatumizenso.

Njira yoyenera ndi token. Pa malipiro oyamba kasitomala amalemba khadi ndi CVV pa fomu ya gateway, kampani yodutsitsa malipiro a makadi monga Stripe kapena Braintree, iwo amasunga khadiyo kwawo nkukupatsani kanambala kena koyimira khadiyo, ndiyo token imeneyo, komwe wakuba sangapite nako kwina. Pa Stripe mumaika setup_future_usage kukhala off_session pa malipiro oyambawo, ndipo podula kachiwiri banki imauzidwa kuti mwayambitsa ndi inu ogulitsa, zomwe amazitcha merchant-initiated, ndiye CVV sifunikanso. Koma chilolezo chikhalepo, cholembedwa pa checkout momveka: mudzadula liti, chifukwa chanji, ndalamayo idzawerengedwa bwanji. Popanda zimenezo munthu akadzaona ndalama yachoka osayembekezera amathamangira ku banki kwake kukapempha kuti ndalama ibwezedwe, zomwe amati chargeback, ndipo mlandu umenewo kuwina nkovuta. Ngati makasitomala anu ali ku Ulaya kapena ku UK kuli malamulo a SCA, otsimikizira kuti wolipirayo ndi mwini khadi, ndiye malipiro oyamba adutse pa 3D Secure, ija yovomereza pa app ya banki kapena ndi kodi ya pa foni. Nthawi zina banki imakanabe yachiwiriyo nkufuna mwini wake avomereze, musalimbane nayo kubwerezabwereza.

Ine kunena zoona pa shopu yaing'ono ndimakonda linki. Pa WooCommerce, pulogalamu yoyendetsera shopu ya pa intaneti, mumapanga oda yatsopano ya ndalama yowonjezerayo, kuisiya pa Pending payment, nkutumiza linki yolipirira, munthu amalemba yekha CVV yake inu osaiona nkomwe. Zimachedwerako pang'ono poti mudikire atsegule imelo, koma palibe amadzanena kuti mwamubera.

Ngati mumadziwiratu kuti mtengo umasinthasintha, gwirani ndalama kaye osaidula, authorize yokha, capture mudzapange mukayeza katundu. Kudula yochepera pa yomwe munagwira kumatheka, yopitirira nthawi zambiri ayi, ndiye gwirani yokwererako ndipo mumuuziretu kasitomala. Pa Stripe kugwirako kumatha pakadutsa masiku pafupifupi 7, mukagona ndalama ibwerera kwa mwini wake.

Wina akaimba foni kuti angokuwerengerani khadi, lembani molunjika mu virtual terminal, tsamba la gateway lomwe inu mumalembapo khadi ya kasitomala, iye ali pa layini pomwepo, cholembera chikhale kutali, ndipo ngati mumajambula mawu a pa foni muimitse kaye kujambulako akafika pa manambalawo.