Wodwala Wogona Pakhonde la Sitolo: Tisamutaye Akachoka Pachipatala

Kaundula wa pachipatala amafunsa dzina, mudzi ndi mfumu. Munthu amene amagona pakhonde la sitolo mu Limbe, pa depoti ya Wenela kapena pansi pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe amakodwa pa funso lachiwiri. Amatchula mudzi wa kwawo ku Thyolo kapena ku Dedza komwe sadapondeko zaka zambiri, wolemba nkulemba momwemo. Tsiku limene wajomba kudzatenga mankhwala, kalondolondo amapita kumudzi komwe munthuyo kulibe, fayilo nkutsekedwa kuti wasowa. Malangizowa ndi a inu alangizi a zaumoyo, anamwino, anthu ongodzipereka ndi makomiti a m'mipingo ndi m'mizikiti amene mumakumana ndi anthu osowa pokhala.

Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, ndipo munthuyu mankhwala amalandira ndithu. Chimene alibe ndi womutsata. Choncho wodwala aliyense wotere akhale ndi munthu mmodzi wodziwika dzina amene akuyankha za iye. Tikanena kuti "tonse timuyang'anira", ndiye kuti palibe amene amuyang'anire.

Polemba, funsani kumene amagona usiku, kumene amapezeka masana, ndi dzina limene anzake amamuitanira, chifukwa pamsika dzina la m'kabuku palibe amalidziwa. Mupemphe atchule munthu wokhazikika amene amamuona tsiku lililonse: mayi wogulitsa mandasi, mlonda wa pasitolo, wachiwaya. Koma munthu ameneyo musamuuze matenda. Uthenga ndi wakuti "akumufuna a zaumoyo", basi. Wodwala akamva kuti za ma ARV ake zamveka pamsika, simudzamuonanso.

Kabuku ka kuchipatala kamanyowa ndi mvula, kamabedwa, kamatayika pothawa chipikisheni. Kakatayika musamukalipire kapena kumubweza kuti akagule kena kaye. Lembani mbiri yake pa khadi lotsala kuchipatala, ndipo akavomera musungireni kabukuko, iye atenge kapepala ka tsiku lobwerera m'kajumbo.

Pa chifuwa chachikulu (TB) ndi pamene tiyenera kuima nthawi. Anthu ogona mothithikana, odya mopelewera, ena ali ndi HIV, TB imawapeza msanga. Aliyense wotsokomola, wotuluka thukuta usiku kapena wowonda, mutengeni makhololo tsiku lomwelo muli naye. "Mubwere mawa m'mawa" ndi njira yomutayira. Zotsatira zikatuluka, inuyo mumulondole. Mankhwala ndi a miyezi 6, ndipo vuto limabwera mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene chifuwa chaleka, mphamvu zabwerera, munthu nkuyambanso maganyu onyamula katundu. Akasiyira pamenepo matenda amabwerera, ndipo akhoza kubwerera osamvanso mankhwala oyamba aja. Mufotokozereni izi tsiku loyamba, ndi kumuuziratu kuti mkodzo ufiira chifukwa cha mankhwala, asaope. Womuonerera pomwa mankhwala sikuti achite kukhala wachibale; wongodzipereka wa pamsika angathe. Ndipo mufunseni mosabisa ngati amadya. Ambiri amasiya mankhwala chifukwa amawapotokola m'mimba mopanda kanthu, ndiye kumulumikiza ndi gulu lophika phala kapena nsima ndi mbali ya chithandizo chomwecho.

Ma ARV masiku ano ndi mbulu umodzi patsiku, ndipo wokhulupirika amatha kulandira a miyezi 6 kamodzi. Kwa munthu wopanda posungira, mabotolo ambiri chotero amabedwa kapena kunyowa. Kambiranani naye: mwina atenge ochepa pafupipafupi, otsala mumusungire. Akabwera tsiku lisali lake, kapena atajomba miyezi, mulandireni bwino, muuzeni kuti wachita bwino kubwera, ayambirenso.

Zilonda za m'miyendo, mphere ndi kutsegula m'mimba sizisowa pakati pawo. Mphere muchize gulu lonse logona pamodzi, apo ayi ibwerera sabata yomweyo. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, adatikumbutsa kuti womwa madzi a mu Mudi kapena mu Lilongwe sangamve uphungu wa ukhondo wopanda sopo ndi klorini m'manja. Pitani nazo.

Atsikana ndi anyamata ogona mumsewu amagwiriridwa, ndipo ambiri sanena. Funsani pambali, modekha. Mankhwala oteteza ku HIV a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, choncho musadikire kalata ya kupolisi. Chithandizo chiyambe, za mlandu zitsatire. Mwana wosakwana zaka 18 adziwike ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma, ndipo nambala yaulere ya 116 yothandizira ana ilipo. Koma musathamangire kumubweza kwawo musanamve chimene adathawa, pakuti ana ena adathawa nkhanza za pakhomo pomwepo.

Amene akudwala matenda a muubongo kapena khunyu timawadutsa tsiku ndi tsiku tikungoti "wamisala uja". Matenda amenewa ali ndi mankhwala. Yambirani kwa namwino woona za matendawa pachipatala cha boma. Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndi za amene afunika chithandizo chozama. Kumumanga zingwe ndi kumukwezetsa galimoto mokakamiza kumapha chikhulupiriro chimene mukanamanga pomupatsa moni masabata angapo.

Akagonekedwa m'chipatala, kumbukirani kuti alibe gadiyani. Palibe womusambitsa, womuchapira kapena womutengera chakudya. Apa ndi pamene amayi a mvano, a chigwirizano ndi magulu a dawa angagawane masiku. Tsiku lotuluka likambidwe asanatuluke: akagona kuti, bala akatsukitsa kuti, amene akamuone sabata yoyamba ndani.

Pokawayendera, sankhani mbandakucha asanabalalike kapena madzulo, pamalo ndi tsiku losasinthasintha. Pitani awiriawiri, koma osatsagana ndi apolisi. Khoti Lalikulu lidagamula mu 2017 kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene ankamangira anthu ongopezeka akuyenda usiku, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, komabe mantha adakalipo, ndipo akakuonani ndi yunifomu ya polisi athawa ndi odwala omwe. Musawajambule zithunzi zoika pa Facebook, ndipo musalonjeze nyumba kapena ntchito zimene mulibe.

Kamodzi pamwezi khalani pansi nonse, namwino, mlangizi wa zaumoyo, wa chisamaliro cha anthu ndi ongodzipereka, muwerenge mayina limodzilimodzi: uyu adaoneka liti, wamwa mankhwala, wasamukira kuti. Amene wapita mzinda wina, imbirani foni chipatala cha kumeneko sabata yomweyo, muwapatse nambala yake ya m'kaundula ndi tsiku limene mankhwala ake athere.