Musanagwetse khoma, yambani mwakwera padenga

Eni nyumba ambiri akapeza ndalama zokonzera nyumba, maganizo awo amathamangira ku zimene alendo adzaone: matailosi onyezimira, penti yatsopano, mawindo aakulu. Kufuna nyumba yokongola si kulakwa ayi. Koma ndaona kambirimbiri penti yodula ikufunduka mvula yoyamba isanathe, ndiponso matailosi atsopano akuswedwa ndi nyundo chifukwa paipi ya pansi pake ikudontha. Choncho pa chilichonse chimene mukufuna kusintha, dzifunseni kuti: ndikadzaona kuti ndinalakwitsa, kubweza kwake kudzandidyera zochuluka bwanji? Mtundu wa penti mungausinthe tsiku limodzi. Khoma logwetsedwa, denga losinthidwa kapangidwe ndi mapaipi okwiriridwa m'konkire sizibwerera wamba. Kumeneko ndiko kofunika kuganiza modekha, ndipo ndalama zoyamba zipite komweko.

Mdani wamkulu wa nyumba ndi madzi. Tsiku limene mvula ikugwa mwamphamvu, musakhale pansi, yendani nyumba yonse. Onani pamene siling'i yachita mawanga, pamene malata achita dzimbiri, ndi pamene madzi a padenga akugwera. Mukaona khoma lanyowa m'munsi, pulasitala akuyoyoka ndi kutuluka zoyera ngati mchere, dziwani kuti chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Pulasitiki wakuda amene amisiri amayala pa maziko amayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi la kunja. Kawirikawiri mwini nyumba amamukwirira yekha osadziwa, pothira dothi la maluwa m'mbali mwa khoma kapena pokweza khonde. Chotsani dothilo, konzani njira yoti madzi azithawira kutali ndi nyumba, ndipo dikirani khoma liume. Kupaka penti pa khoma lonyowa n'kutaya ndalama.

Tsopano za denga, pamene ndikufuna tichedwepo pang'ono. Masiku ano anthu ambiri akopeka ndi denga lobisika, lija loti khoma limakwera n'kubisa malata onse. Kunena zoona limaoneka bwino, ndipo mphepo siipeza pogwira m'mphepete mwa malata. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi onse a padenga lotere amasonkhana mu ngalande imene ili m'kati mwa khoma, n'kutulukira pa timabowo towerengeka. Masamba a mitengo kapena chisa cha mbalame chikatseka bowo limodzi, madziwo alibe kolowera kwina koma m'nyumba. Malata ake amagonanso kwambiri, motero madzi amayenda pang'onopang'ono ndipo amapeza mpata wolowa pamene malata alumikizana. Komanso makoma a kunja amakhala pambalambanda, mvula ndi dzuwa zikuwamenya. Denga lotulukira kunja masentimita 60 kapena kuposerapo limataya madzi kutali, limapereka mthunzi pa mawindo, ndipo penti ya kunja imakhalitsa. Sindikuletsa denga lobisika. Ngati muli ndi mmisiri amene amalidziwadi, ngalande yake n'kukhala yotakata, yokhala ndi bowo lina lotayira madzi akasefukira, ndipo pali munthu amene azikwera kukasesa mvula isanayambe ndi ili mkati, limangeni. Ngati mukudziwa mumtima kuti palibe adzakwere, lisiyeni.

Pogula malata kumbukirani kuti geji ndi muyeso wa kukhuthala kwake, ndipo geji yaing'ono ndiyo yokhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Malata a mtundu wowala amabweza kutentha kwa dzuwa, pamene akuda amakumwa. Ndipo nyumba ikamatentha masana, siling'i yabwino imathandiza kuposa zokongoletsa zambiri.

Funso lina limene ndimalandira kawirikawiri ndi logwetsa khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza. Ubwino wake ulipo: kuwala kumafika ponseponse, nyumba yaing'ono imaoneka yotakasuka, ndipo wophika amacheza ndi anzake uku akuyang'ana ana. Koma utsi ndi fungo la zophika zimakhazikika m'mipando ndi m'makatani, phokoso la TV limafika paliponse, ndipo mbale zosatsuka zimakhala pamaso pa aliyense wolowa. Izi mungazipirire ngati mwasankha nokha. Chosapiririka n'kugwetsa khoma limene lasenza katundu. Kwerani m'siling'i muone ngati matabwa a denga atsamira pa khomalo. Ngati atsamira, kapena ngati pamwamba pali chipinda china, musalole munthu kuligunda injiniya asanalione. Pamafunika kuchirikiza denga kaye, n'kuika mtanda wa konkire kapena wachitsulo woyesedwa bwino. Konkire imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7 oyambirira ndipo imafika pa mphamvu yake pa masiku 28, choncho mmisiri wofuna kuchotsa zochirikiza patangopita masiku atatu mukanizeni. M'madera ambiri ntchito yosintha makoma imafunanso chilolezo cha khonsolo, ndiye funsani musanayambe. Pali njira ina imene ambiri saiganizira: kungokulitsa khomo, kapena kuboola zenera lopatsirana chakudya lokhala ndi lintala yake. Kuwala mumakupeza, khoma n'kukhalabe.

Mawindo aakulu ndi abwino, koma onani kumene ayang'ana. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo limasandutsa chipinda ng'anjo dzuwa likapendeka, ndipo mudzathera ndalama pa makatani ochindikala obisa zenera lomwe munalilipira. Amisiri ambiri amatsata muyeso woti mawindo akhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipinda. Mawindo awiri apakatikati, pa makoma oyang'anizana, amayendetsa mpweya kuposa limodzi lalikulu. Mukamaika zitsulo zoteteza akuba, chonde siyani zenera limodzi m'chipinda chogona loti zitsulo zake zizitseguka kuchokera m'kati. Moto ukabuka usiku, pamenepo ndi pothawira ana anu.

Za pansi sizifuna mawu ambiri. Matailosi savuta kukolopa koma onyezimira amaterera akanyowa, choncho ku bafa ndi pakhonde ikani okhakhala, makamaka ngati m'nyumba muli okalamba. Pa matailosi 100 aliwonse onjezerani 10 a odulidwa ndi osweka, ndipo agulidwe nthawi imodzi chifukwa mtundu umasiyanako mukadzagula ena patsogolo. Pansi pa simenti posalazidwa bwino si pochititsa manyazi, ndipo matailosi mungadzaike chaka china osawononga kanthu.

Ngati nyumba yanu ndi yakale, pali zinthu ziwiri zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Choyamba ndi malata kapena siling'i ya asibesitosi, timaulusi tochokera ku miyala timene kale ankasakaniza ndi simenti. Ikakhala yosasweka, yosakhudzidwa, vuto lake ndi lochepa, koma mukaiboola, kuicheka kapena kuiphwanya, fumbi lake limalowa m'mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Musaichotse nokha, funani anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Chachiwiri ndi penti yakale imene ingakhale ndi mtovu. Kuipala youma kumamwaza fumbi lowononga ubongo wa ana aang'ono. Nyowetsani popala, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali mpaka m'nyumba mutakolopedwa bwino.

Ntchito ikayamba, ndondomeko yake isasokonekere. Denga ndi makoma ziyambe, kenako mawaya a magetsi ndi mapaipi, kenako pulasitala, pansi, ndipo penti pomaliza. Mapaipi athiridwe madzi n'kuyesedwa asanakwiriridwe. Jambulani ndi foni khoma lililonse lisanamatidwe, kuti tsiku lina pokhoma msomali mudzadziwe pamene padutsa waya. Pa ndalama 100 zilizonse zimene mwawerengera, sungani 10 mpaka 20 pambali, pakuti nyumba yakale ikatsegulidwa imaulula zimene inabisa: matabwa odyedwa ndi chiswe, mawaya ofuka, ming'alu ya pansi pa pulasitala. Gwirizanani ndi mmisiri polemba, ndipo muzilipira gawo ndi gawo ntchito ikaoneka, osati zonse pachiyambi.

Pulasitala watsopano mupatseni milungu pafupifupi inayi kuti aume musanapake penti. Nthawi yodikirayo, gulani kachitini kakang'ono ka mtundu umene mwaukonda, pakani pa kachigawo ka khoma louma, ndipo mukaone m'mawa, masana ndi usiku magetsi atayaka musanagule zitini zazikulu.