Nyali ya check engine ikayaka: zoyenera kuchita musanathamangire kugula ma spare

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndili pamndandanda wa magalimoto pa Kafue Road mu Lusaka, pamene kanyali kachikasu ka check engine, kooneka ngati kachithunzi ka injini, kanangoti ngwee pa dashibodi ya Allion yanga. Injini inkalira monga mwa masiku onse, kungoti poima pa maloboti chiwongolero chinkanjenjemera pang'ono. Ndinapatukira pa garaji ina ya pansi pa mtengo. Mnyamata wa pamenepo anangosuzumira, n'kuseka.

"Abwana, musade nkhawa, kompyuta yasokonezeka chabe."

Anamasula waya wa batire, tinacheza za mpira kwa mphindi zingapo, n'kuubwezera. Nyali ija inazimadi, ine n'kulipira mosangalala. Patapita masiku atatu inayakanso, ulendo uno ikuphethira, galimoto ikudukiza ngati munthu wa chifuwa. Vuto lenileni linali koilo ya silinda yachitatu, kachipangizo kamene kamapereka moto ku pulagi, ndipo kompyuta inali italemba kale zimenezo tsiku loyamba lija. Tinafufuta tokha tisanawerenge.

Kanyali kameneka n'kamthenga. Pa injini pali masensa ambiri amene amayeza mpweya wolowa, utsi wotuluka, kutentha kwa madzi ndi kazunguliridwe ka injini, ndipo onsewo amapereka lipoti ku kompyuta ya galimoto. Lipoti lina likaoneka lachilendo, kompyuta imasunga nambala ya vutolo, kenako n'kuyatsa nyali kuti mudziwe. Vutolo likhoza kukhala chivindikiro cha thanki chosatsekedwa bwino, likhozanso kukhala chinthu chimene chingakuwonongereni ndalama za lendi ya miyezi ingapo. Nyaliyo ndi imodzimodzi, choncho ntchito yanu ndi kusiyanitsa.

Choyamba: yang'anani mmene yayakira

Mukatembenuza kiyi musanalize injini, nyali zonse za pa dashibodi zimayaka, ya check engine ili pomwepo. Kumeneko n'kudziyesa chabe, ndipo injini ikalira ziyenera kuzima. Nkhani imayamba ikakhalabe choyaka, kapena ikayaka muli pa ulendo.

Ngati yayaka n'kungokhala duu osaphethira, galimoto ikuyenda bwinobwino, palibe fungo kapena phokoso lachilendo, mukhoza kukafika kumene mukupita. Koma muipezere nthawi yokaiyezetsa m'masiku ochepa omwewo. Ulendo wa ku Chipata kapena ku Kitwe uyambe wadikira.

Ngati ikuphethira, imeneyo ndi nkhani ina. Kuphethira kumatanthauza kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, zimene amakaniko amati misfire. Petulo wosapsayo amatsikira mu ekizozi, n'kukapsera mu catalytic converter, kachigubu kaja kamene kamayeretsa utsi. M'kati mwake muli zinthu zonga zisa za njuchi zopakidwa zitsulo zodula, platinum, palladium ndi rhodium, ndipo zikatenthedwa mopitirira muyezo zimasungunuka n'kutseka njira ya utsi. Koilo imodzi n'njotchipa kwambiri poyerekeza ndi chigubu chimenecho. Chotsani phazi pa moto, zimitsani AC, pezani malo abwino oima, ndipo ngati garaji ili kutali, ndi bwino aikoke.

Chachiwiri: onani anzake a nyaliyo

Musanaganize zambiri, ponyani maso pa dashibodi yonse. Nyali yofiira yooneka ngati kaketulo ndi ya oilo, ndipo ikayaka injini ikulira, imani pompo n'kuzimitsa. Injini yopanda mphamvu ya oilo imafa m'mphindi zowerengeka. Chimodzimodzi muvi wa kutentha ukakwera kufika pofiira. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri, monga Vitz ndi Honda Fit, alibe muvi, ali ndi kanyali kofiira kooneka ngati chipangizo choyezera kutentha kwa thupi. Mukaima, musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha, madzi ake amathovoka n'kukuwotchani kumaso. Dikirani izizire.

Nyali ya batire ikayakira limodzi ndi ya check engine, nthawi zambiri alternator, chipangizo chotchaja batire, yasiya kutchaja kapena lamba wake waduka.

Mvetseraninso ndi thupi lanu. Kodi galimoto yafooka pokwera? Ikukana kusintha magiya? Magalimoto ena akaona vuto lalikulu amadzichepetsera okha mphamvu pofuna kuteteza injini ndi giyabokosi, moti ngakhale mupondereze moto mpaka pansi, amangokwawa. Zonsezi muzisunge m'mutu, makaniko adzazifuna.

Chachitatu: zimene mungaone nokha popanda sipanala

Yambani ndi chivindikiro cha thanki. Kuno kwathu mafuta sitithira tokha, amatithirira anyamata ndi atsikana a pa filing'i, ndipo mzere ukatalika amatha kutseka mwachangu osalimbitsa. Pa magalimoto ambiri, nthunzi ya petulo ikamathawira pamenepo kompyuta imayatsa nyali. Tsegulani, onani ngati mphira wake sunang'ambike, tsekani mpaka mumve kuti "kha kha". Musayembekezere kuti nyali izima nthawi yomweyo. Kawirikawiri kompyuta imafuna maulendo atatu otsatizana opanda vuto isanakhulupirire.

Kenako tsegulani boneti injini itazima. Onani oilo ndi madzi. Gwedezani mawaya a pa batire, chifukwa mabampu ndi maenje a m'misewu ya m'makomboni amamasula zinthu pang'onopang'ono. Tsatirani ndi maso paipi yakuda yaikulu yochokera pa bokosi la air filter kupita ku injini. Ikang'ambika, ngakhale pang'ono m'makwinya mwake, mpweya umalowera pambali osayezedwa ndipo nyali imayaka. Yang'ananinso ngati makoswe sanadye mawaya, makamaka ngati galimoto imagona pafupi ndi matumba a chimanga.

Dzifunseninso kuti chinachitika n'chiyani dzulo kapena dzana. Funso limeneli limathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Munakatsukitsa injini pa car wash, anyamata n'kuipopera madzi amphamvu? Madziwo amalowa m'maenje a mapulagi, galimoto n'kuyamba kudukiza m'mawa mwake. Munagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu? Munawoloka madzi aja amene amasefukira ku Kanyama ndi ku Kamwala mvula ikakula? Apa ndichenjeze: galimoto ikazimira m'madzi akuya, musayese kuiliza. Madzi akalowa mu silinda sapanikizika ngati mpweya, ndipo kutembenuza kiyi kamodzi kokha kukhoza kupinda zitsulo za m'kati.

Nyengo ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ili ndi zake. Air filter imadzaza msanga, ndipo chizolowezi chathu choipopera ndi kompresa chimatha kuboola pepala lake. Fumbi likadutsa limakamatira pa sensa ya airflow, ija ili pa paipi pafupi ndi bokosi la filter. Filter ndi yotchipa, ingosinthani.

Chachinayi: kaiikeni pa kompyuta

Pansi pa chiwongolero, cha kumene kumakhala mawondo anu, pali soketi ya mabowo 16. Dongosolo limeneli limatchedwa OBD-II, ndipo linakhala lamulo pa magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira mu 1996. Ku Ulaya anatsatira mu 2001 pa magalimoto a petulo. Makaniko amalumikiza makina ake pamenepo n'kuwerenga nambala zimene kompyuta yasunga.

Mukhoza kugulanso kanu kachipangizo kakang'ono kotchedwa ELM327, kamene kamalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Ine ndimayenda nako m'galimoto. Koma dziwani kuti magalimoto athu ambiri ndi aja anapangidwira msika wa ku Japan, obwera kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, ndipo ena akalekale mwa amenewo sayankhula ndi tizipangizo totchipati. Kakakana, sikuti galimoto ilibe vuto kapena kompyuta yake yafa. Pitani kwa munthu wa makina akuluakulu.

Nambalayo imayamba ndi chilembo. P ndi za injini ndi giyabokosi, B ndi za thupi la galimoto, C ndi za mabuleki ndi kunsi, U ndi za kulumikizana kwa makompyuta. Zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi izi. P0300 ikutanthauza kuti masilinda angapo akudumphitsa moto, pamene P0301 mpaka P0304 ikutchula silinda yake: nambala yomaliza ndiyo silindayo. P0171 ikuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo. P0420 ikuti catalytic converter sikuyeretsa utsi mokwanira. P0135 ndi kawaya kotenthetsa sensa ya oxygen, imene imayeza utsi wotuluka mu ekizozi. P0335 ndi sensa ya crankshaft, yoyeza kazunguliridwe ka injini, imene ikafa galimoto imatha kungozima pamsewu n'kukana kulira.

Makaniko asanafufute chilichonse, jambulani ndi foni yanu zimene zalembedwa pa makinawo. Ndi ufulu wanu, galimoto ndi yanu ndipo mwalipira. Mupempheninso akuonetseni freeze frame, chithunzi chimene kompyuta inasunga cha nthawi imene vuto linachitika: liwiro, kutentha kwa injini, ndi mmene inkazungulirira. Vuto lobwera injini ili yozizira m'mamawa silifanana ndi lobwera mutayenda kufika ku Chongwe.

Chachisanu: nambala si lisiti yokagulira ma spare

Apa m'pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Makina akatchula sensa ya oxygen, makaniko wofulumira amangoti, "Amdala, sensa yapita, kaguleni ina." Mukagula, nyali imabwereranso sabata yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti sensayo mwina inkanena zoona. P0171 ikhoza kubwera chifukwa cha paipi yong'ambika ija, sensa ya airflow yakuda ndi fumbi, pampu ya mafuta yofooka, kapena fyuluta ya mafuta yotsekeka. P0420 ikhoza kuchokera ku ekizozi yobooka pafupi ndi sensa, kapena chigubucho chinathadi, kapena wina anachigogoda kale n'kuchotsamo za m'kati galimoto isanafike m'manja mwanu.

Makaniko wodziwa ntchito amayesa kaye. Pa Allion yanga, mkulu amene anaikonza pamapeto pake anaona P0303. Sananditume kushopu. Anamasula kabawuti kamodzi, n'kuzula koilo ya silinda yachitatu, kuisinthanitsa ndi ya silinda yoyamba, kufufuta nambala, n'kuliza injini. Pasanathe mphindi zisanu makina analemba P0301. Vuto linasamuka limodzi ndi koilo.

"Mwaona, abwana? Ikanakhalabe pa 3, tikanayang'ana pulagi kapena injekita," anatero akupukuta manja pa ovololo.

Funso loti muzifunsa nthawi zonse ndi ili: "Mwadziwa bwanji kuti chimenechi n'chimene chafa?" Wodziwa ntchito sakwiya nalo, amakondwa kukuonetsani. Amene wakwiya, tengani makiyi anu.

Pogula chinthu chatsopanocho, nyamulani chakalecho kapena nambala yake, pamodzi ndi nambala ya chassis. Ma Corolla ndi ma Allion ofanana kunja amatha kukhala ndi injini zosiyana, ina 1NZ ina 1ZZ. Masensa ndi makoilo achinyengo ali mbwee m'mashopu, m'mabokosi okongola olembedwa dzina lodziwika. Kwa ine, sensa yeniyeni yochotsedwa pa injini ya ku Japan imaposa yatsopano ya mtengo wokayikitsa, bola wogulitsayo avomere kuti mukhoza kuibweza ikakana. Ndipo chakale chimene chachotsedwa pa galimoto yanu muchitenge, musachisiye pa garaji.

Chachisanu ndi chimodzi: kufufuta kubwere pamapeto

Ntchito ikatha, ndiye makaniko afufute nambala. Yendani nayo masiku angapo, m'tauni ndi pamsewu wotakasuka ngati Great East Road, kuti kompyuta iyesenso zonse. Nyali ikabwerera, yerekezani nambala yatsopano ndi chithunzi chija munajambula. Ngati ndi yomweyo, ntchito sinagwirike ndipo mubwerere kwa yemwe munamulipira. Ngati ndi ina, mwina panali mavuto awiri.

A magalimoto a dizilo, monga Hilux, musasokoneze check engine ndi nyali ya fyuluta ya mafuta, imene imachenjeza kuti m'dizilo muli madzi. Imeneyonso siyofunika kuizengereza, madzi amawononga mainjekita.

Ndinakwerapo takisi ina kuchokera ku Matero, pa dashibodi atamatapo katepi kakuda ka magetsi. Nditafunsa, dalaivala anati, "Kamandisokoneza usiku, bwana, kayaka chaka chonse koma motoka iyenda." Inkayendadi, koma fungo la petulo linali thoo m'kati monse. Sensa ya oxygen ikafa, kompyuta imathira mafuta mongoyerekeza, nthawi zambiri mopitiriza, ndipo pa mitengo ya petulo ya masiku ano ndalamayo imatuluka tsiku lililonse. Choopsa china n'chakuti vuto lachiwiri likabwera, lalikulu, nyali yokuuzani ndi yomweyo yomatidwayo.

Ogulitsa magalimoto ena amapitirira pa tepi, amachotseratu kababu kake kuseri kwa dashibodi. Choncho mukamagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya pa yadi kaya kwa munthu wa pa Facebook, musalole kuti muipeze ikulira kale. Khalani pampando nokha, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane ngati kachithunzi ka injini kayaka pamodzi ndi anzake. Ngati sikakuoneka, funsani kuti kapita kuti, ndipo muitane wa makina wanu, osati wa wogulitsayo, adzaiike pa kompyuta musanatulutse ngakhale kwacha imodzi.