Kujambula dimba ngati mmene ankachitira Pissarro

Anyamata ambiri ojambula kuno akangogwira burashi ndi mlambe, bwato ndi dzuwa likulowa basi, poti ndi zomwe alendo amagula ku Cape Maclear. Koma dimba lomwe lija la mmphepete mwa Shire kapena ku Malombe limatuluka bwino heve mukalijambula mmene ankachitira ma Impressionist, gulu la ojambula aku France omwe ankatsata kuwala ndi mitundu mmene diso likuonera nthawi imeneyo.

Anthuwa anaonetsa zithunzi zawo koyamba ku Paris mu 1874, ndipo dzinali linachokera pa chithunzi cha Claude Monet cha doko la Le Havre chomwe mtolankhani wina anachinyoza kuti nchosamaliza. Koma wathu ife mgululi ndi Camille Pissarro, mkuluyu ankajambula minda ya kabichi ndi amayi akugwira ntchito mmunda ku Pontoise ndi ku Éragny mpaka ena ankamuseka kuti kabichi yekhayekha.

Pitani kudimbako, zotengera pa foto ya mufoni ayi. Ma Impressionist nawonso ankanyamula zida kupita panja, zinawayendera chifukwa penti ya mmachubu inali itabwera kale mu 1841. Mukafika odini kaye, "zikomo mayi, ndingakhale nawo apa ndijambule dimba lanuli?", osangotera ngati mbuzi. Nthawi yake ndi 6 koloko mmawa akuthirira, chifukwa dzuwa la kuno likangofika 10 chilichonse chimangoyera mbee komanso akiriliki, penti yosungunula ndi madzi ija, amaumira pa burashi pomwepo, ndiye tengani kabotolo kopopera madzi. Kanvasi ikadula, kathabwa ka plywood kopaka penti yoyera ya mnyumba kawiri kakwana.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Musawerenge masamba. Tsinzinani pang'ono muone kuti dimba lonse langokhala zigamba za mitundu, mpiru kubiriwira kwake kukupita kuchikasu, repu kukupita kubuluu, dothi lomwe langothiridwa kumene lada kuposa louma, ndiye inu muziika zigambazo ndi burashi mongogunda gunda, mwachidule, mtundu uwu pambali pa unzake osasalaza ngati mukupenta khoma. Diso la woonayo ndi lomwe likasakanize. Matimati ndi timadontho tofiira basi, pakati pa zobiriwira timawala tokha.

Penti yakuda isiyeni kunyumba. Yang'anitsitsani mthunzi wa mpanda wa udzu mmawa, si wakuda ayi, uli ndi kabuluu kapena kapepo poti ukutenga mtundu wa kumwamba. Ine ndinakana zimenezi kwa nthawi yaitali mpaka nditayesa ndekha, dimba lonse linangoti ngwee. Mayi wothirira uja nkhope musavutike nayo, kugunda kanayi kwa chitenje, kuwerama kwa msana ndi kheni mmanja, watheka.

Ola limodzi ndi theka likakwana imani ngakhale musanamalize, kuwala kwasintha kale, mudzabwere mawa nthawi yomweyo. Monet anajambula milu ya tirigu yomweyomweyo ku Giverny mu 1890 ndi 1891 kambirimbiri pa chifukwa chomwechi. Ngati ndi nthawi ya mwera tsamiritsani thabwalo ndi mwala, langa linagwa chafufumimba pa mchenga penti isanaume.

Eni dimba akabwera kudzasuzumira adzafunsa ndithu kuti mpiru wanga uli pati apa, poti pafupi zimangooneka ngati mwatayira penti. Apempheni abwerere mmbuyo mapazi khumi kenako ayang'anenso.