Mmene mungaletsere dzanja kulowa m'pepala la maputi maso ali pa foni

Ndine telala ku Highfield mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo ntchito yomwe ikundichulukira masiku ano ndi yomasula masiketi ndi mathalauzi m'chiuno. Makasitomala amanena mawu amodzimodzi: "Mayi, inetu sindidya kwambiri, nsima ndimadya kamodzi patsiku." Sanama ayi. Chimene sawerengera ndi maputi (chimanga chokazinga chophulika) a mu kombi (minibasi), mtedza wokazinga wa pa renki (pokwerera makombi) ya Copacabana, banzi la pa tuckshop ndi kapu ya Mazoe (chakumwa chashuga chosungunula ndi madzi) madzulo, zonsezi zolowa m'kamwa maso ali pa WhatsApp.

Nkhani yagona pa kukumbukira. Chakudya chimene mwadya maganizo ali kwina sichikhazikika m'mutu, ndiye nthawi ya nsima ikakwana mumadya ngati simunalawe kanthu kuyambira m'mawa. Mu 2011 ofufuza a ku University of Bristol anapatsa anthu nkhomaliro yofanana, ena akusewera gemu ya makhadi pa kompyuta, ena akungodya basi. Osewera aja sanamve kukhuta kwenikweni, sanakumbukire bwino zimene anadya, ndipo patapita mphindi 30 anadya mabisiketi ambiri kuposa anzawo.

Choncho yambani ndi kusiya kudyera m'pepala. Tapani zomwe mukufuna kudya, ikani m'kambale, pepalalo mangani mukaliike m'kabati musanayambe kutafuna. Dzanja likamalowa m'pepala silidziwa kuti lalowa kangati, pamene kambale kakatha maso amaona. Pa mtedza ndiye samalani kwambiri. Ndi chakudya chabwino, sindikuuletsa, koma uli ndi mafuta ambiri: magalamu 100 amapitirira ma calories 550 (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya), pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 2,000 tsiku lonse. Dzanja limodzi lodzaza ndi lokwanira.

Kenako khalani pansi, foni muigadabuze. Ine pa makina pamakhala nsalu, ulusi ndi sizasi zokha. Ikakwana nthawi ya tiyi ndimachoka n'kukakhala pa benchi panja, kudya mbatata yanga mpaka kutha, n'kubwerera. Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka nawonso amatero. Poyamba ankadandaula kuti ndi kutaya nthawi, koma sizifika ndi mphindi 10 zomwe, komanso nsalu za anthu zinasiya kuthimbirira mafuta a mandasi.

Povuta kwenikweni ndi mu kombi. Mwatopa, mzere wa magalimoto pa msewu wa Simon Mazorodze sukuyenda, wogulitsa wafikitsa katundu pawindo penipeni, ndipo chenji chasowa moti akukuuzani kuti mungotenga kapaketi m'malo mwa ndalama. Tengani ngati palibe kuchitira mwina, koma kaponyeni m'chikwama. Mukakafika kunyumba n'kupeza kuti njala ilipodi, idyani muli pampando. Kawirikawiri mudzapeza kuti sinali njala koma kutopa ndi ludzu. N'chifukwa chake botolo la madzi lisamasowe m'chikwama. Ndipo musamachoke m'mawa m'mimba muli pululu poganiza kuti mutsitsa thupi. Wosadya m'mawa ndi amene amagula chilichonse chimene chadutsa pawindo masana.

Zakumwa zashuga ndizo zimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa sizikhutitsa n'komwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masupuni a tiyi 12. Tembenuzani botolo muwerenge shuga wolembedwa pa 100ml, muchulukitse kasanu ngati botololo ndi la 500ml. Pali zakumwa zina zimene botolo limodzi lokha limamaliza gawo la tsiku lonse. Boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, koma msonkho sungakuwerengereni makapu. Mazoe sungunulani ndi madzi ambiri, ndipo mumwe pa chakudya, osati kumangopsontha tsiku lonse.

Madzulo a mpira, kaya ndi Dynamos kaya ndi matimu a ku England, abambo idyani kaye mgonero mpira usanayambe. Ngati pakamwa sipangakhale chete, chimanga chowotcha kapena masuku nyengo yake ikafika ndi abwinoko, poti amafuna manja awiri ndipo chitsononkho ndi njere zimatsala patebulo kukuonetsani zomwe mwadya. Ana musawakalipire. Ingowapatsani aliyense kambale kake, TV ili yozima.

Kuti mudziwe ngati zikuthandiza, simufunika sikelo. Tengani tepi ya telala, yezani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno mutatulutsa mpweya, osakoka mimba. Muyesowo usapitirire theka la kutalika kwanu: wamtali 160cm akhale pansi pa 80cm. Yezani kamodzi pamwezi n'kulemba m'kope. Ngati muyeso wadutsa pamenepo, kapena mukumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, pitani ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu akakuyezeni shuga ndi BP.