Mukakwezedwa pa ntchito kudziko la eni

Ambiri a ife timayamba ngati antchito wamba, kenako tsiku lina amatiuza kuti tiziyang'anira gulu la anthu khumi ochokera m'mayiko asanu. Apa m'pamene mutu umazungulira.

Sabata yanga yoyamba ngati kapitawo m'nyumba yosungiramo katundu, ndinafotokoza kalongedzedwe katsopano, n'kufunsa kuti, "Mwamva nonse?" Onse anagwedezera mitu. M'mawa mwake ndinapeza makatoni theka atalongedzwa mwachikale. Mayi wina anadzandiuza pambali kuti sanamvetse, koma anaona kuti kufunsa pagulu kukanakhala kundinyoza.

Geert Hofstede, wofufuza wa ku Netherlands, anasanthula mayankho a antchito a kampani ya IBM m'mayiko ambiri pakati pa 1967 ndi 1973. Anapeza kuti ku Malaysia ndi ku Philippines wantchito amaona bwana ngati munthu wapamwamba kwambiri woti sangamutsutse pamaso, pomwe ku Austria ndi ku Denmark kutsutsa bwana pamsonkhano n'kwachizolowezi. Choncho wina akakuyankhani mosabisa mawu, musafulumire kunena kuti ndi wamwano, ndipo amene wakhala chete mwina sanagwirizane nanu.

Kuyambira tsiku la makatoni lija ndinasiya kufunsa ngati amva. Ndimati, "Tandionetsani mmene muyambire," ndipo ndimalemba malangizo mwachidule papepala n'kulipachika pakhoma. Wolakwitsa ndimamuitanira pambali nthawi zonse. Ngakhale kuyamikira kumafuna nzeru: ena amasangalala kutchulidwa dzina pamaso pa anzawo, ena amachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Afunseni mmodzimmodzi, chifukwa anthu awiri a dziko limodzi angathe kukhala osiyana kutali.

Ndandanda ya mashifiti ndiyo imaulula ngati mumawaganiziradi anthu anu. Dziwani msanga masiku a Ramadan, Diwali (chikondwerero cha Ahindu) ndi Pasaka, popeza amasintha chaka ndi chaka, ndipo lolani anthu asinthane mashifiti nthawi ikadalipo. Msilamu amene akusala kudya musamuikire ntchito yonyamula zolemera madzulo ngati pali njira ina.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'kuona kapitawo akupereka maola owonjezera kwa anthu a kwawo okha. Enawo amaona, ngakhale sanena, ndipo mtima wa ntchito umathera pomwepo. Ikani ndandanda ya maola amenewa poyera, aliyense adziwe kuti nthawi yake ifika liti.